Onjezani usiku umodzi: kuona nyama zakutchire pa ulendo wochokera ku Kafue

Mabanja ambiri a m'tauni ya Kafue amayenda maulendo ataliatali chaka ndi chaka. Lero kuli ukwati ku Livingstone, mawa akukaonetsa chiliza ku Chipata, mwezi wamawa mwana akubwerera kusukulu yogonera komweko ku Choma, kenako apongozi adwala ku Mongu. Misewu yonseyi imalambalala malo osungirako nyama zakutchire, wina umachita kudutsa m'kati mwenimweni, koma ana athu akukula mpaka kumera ndevu asanaonepo njovu ndi maso awo. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa mafuta aulendowo timakhala tagula kale, ndipo chotsala kuti anawo aone nyama ndi chochepa kwambiri.

Chimene chimalepheretsa anthu si ndalama zokha ayi. Ndi nthawi. Banja limanyamuka ku Kafue dzuwa litakwera, kufika pachipata cha paki masana dzuwa lili paliwombo, kulipira, kuzungulira ola limodzi mwaliwiro, n'kutuluka akudandaula kuti angoona mitengo ndi nswala ziwiri. Nyama sizinathe. Kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana zimakhala zili khale pamthunzi. Zimadya, kumwa ndi kuyendayenda m'mamawa ndi chakumadzulo. Zipata za mapaki ambiri zimatsegulidwa 6 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 6 koloko madzulo. Choncho langizo loposa onse ndi ili: pa ulendo wanu onjezani usiku umodzi, mukagone pafupi ndi chipata, kuti tsiku lotsatira mulowe kukungocha. Ngati usiku umenewo simungaukwanitse ulendo uno, dutsani, sungani ndalamazo, mudzalowe ulendo wina.

Tsopano paki yake iti? Alendo ena amafika m'tauni muno n'kumafunsa njira yolowera ku Kafue National Park, poganiza kuti ili kuseri kwa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals. Ili kutali. Tauni ya Kafue ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, pamene pakiyo ili kumadzulo: muyenera kubwerera ku Lusaka, kulipira pachipata cha msewu pa Shimabala, kenako kutenga msewu wa M9 wopita ku Mongu, kudzera ku Mumbwa. Kuchokera ku Lusaka kukafika pa Hook Bridge, pamene msewuwo umawoloka mtsinje wa Kafue m'kati mwa paki, ndi makilomita osachepera 270. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1950 ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'Zambia, masikweya kilomita 22,400, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lonse la Malawi. Kuyambira mu 2022 boma likuiyendetsa mothandizana ndi bungwe la African Parks.

Imeneyi ndi ya amene akupita ku Kaoma kapena ku Mongu. Phula la M9 limalowa m'paki pa Nalusanga ndi kutulukira pa Tateyoyo, ndipo ongodutsa amaona njovu, nswala, puku ndi njiri m'mbali mwa msewu. Koma kuti muone mikango, njati kapena mphalapala, muyenera kupatuka, kulipira ndi kugona kumeneko. Cha ku Hook Bridge kuli malo ogona ndi omanga matenti. Dzazani thanki ku Mumbwa, chifukwa mukapitirira apo mafuta odalirika muwapeza ku Kaoma. Chigwa chotchuka cha Busanga, kumpoto kwenikweni, chimadzaza madzi nthawi ya dzinja ndipo chimafikika m'chilimwe chokha, pa galimoto ya 4x4. Banja loyamba kumene lisachiike m'mapulani. Muuzirenitu ana kuti m'paki ya Kafue mulibe nyamalikiti, asamakuvutitseni tsiku lonse.

Kwa banja lokhala ndi galimoto yaing'ono, ya mtundu wa Corolla kapena Vitz, ine ndimalangiza za kumwera. Mukawoloka mlatho wa Kafue, patsogolo pang'ono msewu umagawikana: T2 imapitirira ku Chirundu, T1 imakhotera kumanja. Tsatani T1, mukwere mapiri a Munali, mutsikire ku Mazabuka pakati pa minda ya nzimbe ya Nakambala, kenako Monze, Pemba, Choma, Kalomo, Zimba, mpaka Livingstone. Ndi makilomita opitirira 400, phula lokhalokha, ndipo ndi ana m'galimoto, kuima apa ndi apo, werengerani maola asanu ndi awiri. Nyamukani kukuwala kumene, mudye nkhomaliro ku Choma, mufike dzuwa lisanalowe. Msewu umenewu usiku ndi woipa: mathiraki ndi ambiri, ena amafera pamsewu popanda chizindikiro china koma nthambi za mitengo, ndipo ng'ombe za kuchigawo cha kumwera zimawoloka nthawi iliyonse.

Paki ya Mosi-oa-Tunya, ya ku Livingstone komweko, ndi yaing'ono, masikweya kilomita 66 basi, ndipo kuchepako ndiye ubwino wake. Ili ndi mbali ziwiri zolipira padera: kumathithi a Mosi-oa-Tunya, ndi kumene kuli nyama, m'mbali mwa Zambezi kumtunda kwa mathithiwo. Kunyamako mungathe kuzungulira maola awiri kapena atatu pa galimoto yanu yomwe m'nyengo yopanda mvula, ndipo mudzaona nyamalikiti, mbidzi, njati, nyumbu, nswala, njiri, kawirikawiri ndi njovu zomwe. Kulinso zipembere zoyera zimene alonda a mfuti amazilondera usana ndi usiku. Kuti muzione mumatsika m'galimoto ndi kuyenda pansi pang'ono motsogozedwa ndi alondawo, mwandondondo, mosalankhula. Funsani pachipata ngati ana a msinkhu wa anu amaloledwa, ndipo akakana musakakamire. Gawani tsiku motere: nyama m'mamawa, masana mupumule kapena mukaone zakale ku Livingstone Museum, chakumadzulo mathithi.

Mathithiwo amasintha ndi nyengo. Mu Epulo ndi Meyi madzi amakhala atachuluka, nthunzi yake imagwa ngati mvula, ndipo powoloka kamlatho ka Knife-Edge mumanyowa mpaka zam'kati. Mafoni ndi ziphaso muzikulunge m'pulasitiki, agogo avale nsapato zosaterera. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imatsala pang'ono kuuma, mumaona thanthwe lakuda ndi timadzi tochepa. Nyama nazo zimaoneka bwino udzu ukauma ndi kugwa, madambo akaphwa, zonse zikamasonkhana kumtsinje. Mukaphatikiza ziwirizi, tchuthi cha ana cha mu Ogasiti ndicho chimakwanira bwino: madzi akadalipo, tchire layera, kutentha kwa Okutobala sikunafike.

Pa njira yomweyi pali malo amene anthu a ku Kafue ayenera kuwadziwa kuposa wina aliyense, chifukwa ali pa mtsinje wawo womwe. Lochinvar National Park ili m'chigwa cha Kafue Flats, makilomita osakwana 50 kuchokera ku Monze. Kale inali famu ya ng'ombe, ndipo idasanduka paki mu 1972. Kumeneku n'kumene kumakhala Kafue lechwe, nyama yonga nswala yokonda kudya itaima m'madzi, imene kwawo ndi chigwa chimenechi chokha padziko lonse. Mitundu ya mbalame imaposa 400. Kuli akasupe otentha a Gwisho, ndi mlambe wa mphako yoti anthu n'kulowamo. Koma msewu wake ndi wafumbi, ndipo chigwacho ndi cha dothi la makande: mvula ikangogwa, galimoto imatitimira mpaka kumimba. Pitaniko pakati pa Juni ndi Okutobala, pa galimoto yokwera, mutanyamula madzi ndi chakudya chanu chonse. Ofuna mikango akhumudwa. Koma mwana wokonda kufunsa mafunso, mukamuimika m'mbali mwa dziwe la Chunga m'mawa, nkhwazi ikulira, lechwe zikuthamanga m'madzi, sadzaiwala.

Lower Zambezi, imene imafikika kudzera ku Chiawa m'boma lomwe lino la Kafue, ndi yokongola koma njira zake zimafuna 4x4 ndipo malo ogona ambiri ndi okwera mtengo. Isungeni. Ngati mukufuna kuyesa kaye ana kuti muone ngati angakhale chete maola awiri, apititseni Loweruka lina ku Lusaka National Park, imene idatsegulidwa mu 2015 cha ku Leopards Hill Road. Mupita m'mawa, madzulo muli kunyumba.

Za ndalama. Pachipata mumalipira munthu aliyense pa tsiku, galimoto payokha, ndipo ngati mukumanga tenti m'kati, pamenepo palinso mtengo wake. Nzika ya Zambia imalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja, koma pokhapokha itaonetsa chiphaso, choncho wamkulu aliyense anyamule reji yake. Mitengo imasintha, ndipo safunsa adadya phula: likulu la Department of National Parks and Wildlife, dipatimenti imene idalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA mu 2016, lili ku Chilanga pa msewu womwewu wopita ku Lusaka. Tsiku lina popita kutauni patukani, mufunse mitengo, kalipiridwe kake, ndi mmene misewu ilili mwezi umenewo. Lisiti lapachipata musalitaye mpaka mutatuluka. Nyamulaninso ndalama zogwirika, chifukwa kutchire netiweki imasowa ndipo ndalama ya pafoni imasanduka yopanda ntchito. Mabanja awiri akagwirizana, kusonkherana mafuta ndi malo ogona, mtolo umapepuka. Ndipo mukapita pa magalimoto awiri, imodzi ikafa inzake imakoka.

Galimoto ipite kwa makanika sabata yathunthu ulendo usanafike, osati dzulo lake, kuti chosinthidwa chiyesedwe kaye m'tauni. Aone mabuleki, madzi a injini, mafuta a injini, malamba ndi batire. Tayala la sipeya lipopedwe ndipo muligwire ndi dzanja lanu, musangomva kuti lilimo. Jeke, sipanala ya matayala, kathabwa kochindikala koikapo jeke pamchenga, chingwe chokokera, tochi, matirayango awiri ochenjeza, ndi chigubu cha madzi cha malita 20 chimene si cha kumwa. Laisensi, inshulansi, msonkho wa pamsewu ndi chiphaso cha thanzi la galimoto zikhale za nthawi yake, poti apolisi ndi a bungwe loona za pamsewu la RTSA muwapeza panjira.

Kamba mukonzere kunyumba. Nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, mbatata yophika, zitumbuwa, mtedza wokazinga, ndi tiyi m'fulasiki wa m'mawa uja mudzadzuke kukadali mdima. Mu Juni ndi Julayi m'mamawa kumazizira koopsa m'mbali mwa mtsinje, ndiye majuzi ndi bulangete la agogo zisatsale. Pofika 10 koloko mudzavula. Zovala zikhale za mtundu wa kaki, zotuwa kapena zobiriwira. Masikito a udzudzu nyamulani anu, musadalire a kumalo ogona. Amene amamwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV atenge okwanira ndi masiku awiri apamwamba. Ndipo musanalowe pachipata, aliyense apite kuchimbudzi, wofuna ndi wosafuna yemwe, chifukwa m'kati mwana akati “Amayi, ndikufuna kukodza,” simungangoima pathengo lililonse.

Mukalowa, phazi lichoke pamafuta. Musapitirire makilomita 40 pa ola, ndipo amene amaona zambiri amayenda pa 20. Zimitsani wailesi. Mugawane ntchito: atate ayang'ane msewu ndi mapazi a nyama pafumbi, amayi kumanzere, ana kumanja, agogo m'mitengo, chifukwa anthu akale maso awo adazolowera tchire ndipo nthawi zambiri ndi iwo amayamba kunena kuti “Taimani, apo pali chinthu.” Musafunefune nyama yathunthu. Yang'anani khutu logwedera, mchira wopikita ntchentche, mwendo woongoka pakati pa mitengo yokhota. Ndowe za njovu zonyowa, zikadali ndi ntchentche, zikuuzani kuti gulu lili pafupi. Nyani akamakuwa ali m'mwamba, nswala zonse zitaima njo kuyang'ana mbali imodzi, imani inunso muyang'ane komweko. Mukapeza dziwe kapena doko la nyama, ikani galimoto pamthunzi, zimitsani injini, tsanulirani tiyi, mukhale theka la ola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba padzaoneka ngati palibe kanthu, kenako nkhanga zitsika, njiri ibwera michira ili m'mwamba ndi ana ake pambuyo, ngoma ituluka m'tchire mwakachetechete, kuponda kamodzi, kuima, kuponda kawiri, mpaka kufika pamadzi. Mwana mpatseni kope ndi pensulo alembe chimene waona ndi nthawi yake, ndipo agogo amuuze dzina lake m'chinenero chathu.

Musatsike m'galimoto kupatula pamalo olembedwa kuti n'pololedwa, kapena pamene mlonda wakuuzani. Ana asatulutse mitu kapena manja pawindo. Nyama zambiri zimaona galimoto ngati chinthu chimodzi chimene zidachizolowera. Munthu akangoima payekha, zinthu zimasintha.

Pa njovu ndikhalitsapo, chifukwa ndi imene mudzakumane nayo ndithu, ngakhale pa phula la pakati pa tauni ya Livingstone ndi mathithi m'miyezi youma. Mukaiona kutsogolo, imani patali, mosiya danga la magalimoto khumi kapena kuposa. Yang'anani kumbuyo nthawi yomweyo, mudziwe ngati mungabwerere. Hutala musaimbe, magetsi musathwanimitse, injini musaikwiyitse, ana akhale chete. Kenako werengani: njovu imodzi ikawoloka, kawirikawiri zina zili m'tchire zikubwera, ndipo choopsa kuposa zonse ndicho kulowetsa galimoto pakati pa yaikazi ndi mwana wake. Njovu yodekha imadya, makutu akukupiza pang'onopang'ono pofuna mphepo, mchira ukugwedezeka. Ikasiya kudya, kutembenukira kwa inu, kutambasula makutu, kukweza mutu ndi kuupukusa, kapena kukumba fumbi ndi phazi, ikunena kuti mwayandikira kwambiri. Bwererani chambuyo pang'onopang'ono. Yamphongo imene ikuchucha madzi akuda m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, ndiponso ikudontha mkodzo m'miyendo yakumbuyo, ili m'nyengo yake yolusa; imeneyo ipatseni msewu wonse ngakhale mudikire ola. Wina m'galimoto adzanena kuti “Atate, sunthani pang'ono ndijambule bwino.” Woyendetsa akane. Ndipo madzulo werengerani nthawi yoti njovu ingakutsekereni njira, kuti 6 koloko isakupezeni muli m'kati.

M'mbali mwa madzi musasambe, musachape, musatunge, ngakhale pakuoneka posaya ndi poyera, ng'ona simuiona. Mvuu imatuluka madzulo kukadya udzu ndipo imabwerera m'mamawa pa kanjira kake komweko, ndiye tenti musamange pa kanjira kopondeka kochokera kumtsinje. Usiku potuluka m'tenti yambani mwaunika ndi tochi mbali zonse, ndipo mwana asapite yekha. Chakudya chigone m'galimoto yotseka. Anyani a kumathithi adaphunzira kuti jumbo ili ndi zakudya, ndipo amalanda m'manja mwa ana ndi amayi. Bisani zonse m'chikwama cha kumsana, ndipo akalanda, asiyeni, musalimbane nawo. Kuwapatsa chakudya n'koletsedwa, ndipo n'kumene kudawaononga.

Opita ku Kafue National Park akonzekere kashembe. Ntchentche imeneyi imakhala m'nkhalango za miombo, imatsatira galimoto yoyenda, imakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, ndipo imaluma kupyola malaya. N'chifukwa chake misampha yake imene mudzaione itapachikidwa m'mitengo ndi ya nsalu yabuluu ndi yakuda. Jinzi ndi malaya akuda asiyeni m'chikwama. Polowa m'mitengo yowirira tsekani mawindo, mutsegule mukafika padambo. Magalimoto ena oyendetsa alendo kumeneko amapachika kachitini kumbuyo, momwe amafukizamo ndowe zouma za njovu kuti utsi uthamangitse ntchentchezo.

Abale ochokera ku Malawi amene akupita ku Livingstone angachite bwino kugona ku Kafue kuno, atadutsa kale chipwirikiti cha magalimoto a mu Lusaka, kuti m'mawa angolunjika kumwera. Kuchokera ku Lilongwe, kudzera pachipata cha Mchinji ndi Mwami, Chipata, Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, mpaka ku Kafue ndi makilomita pafupifupi 750, tsiku lathunthu, ndipo mapiri okhotakhota a cha ku Luangwa muwadutse kukuwala. Aliyense akhale ndi pasipoti, ana omwe. Galimoto ikhale ndi bulubuku yake, inshulansi ya COMESA Yellow Card, kalata ya mwini wake ngati si yanu, ndi ndalama za misonkho ya pachipata. Ngati masiku ndi ochepa, musalimbane ndi mtunda wonsewu: South Luangwa ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Chipata, pa phula lopita ku Mfuwe, ndipo ili m'gulu la mapaki a nyama zambiri mu Africa.

Pobwerera mudzapeza anthu m'mbali mwa msewu akukunong'onezani za nyama yamtchire youma. Musagule. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limalanga wopezeka ndi nyama yotere popanda chilolezo, ndipo anthu amapita nayo kundende. Komanso nyamayo idakodwa pa waya m'paki momwe mwachokeramo. Nsomba za pamlatho wa Kafue gulani, koma osati kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, pamene boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Pa rodibuloko adzakulandani. Nyanga, chikopa kapena fupa lotola m'paki lisiyeni pomwe lili.

Mukafika kunyumba, yang'anirani banja kwa masabata atatu. Wina akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezetse malungo. Ngati mudali kumalo a kashembe, ndipo malungo sanapezeke koma thupi likutenthabe, mutu ukuwawa, kapena pamene adalumidwa patupa chilonda chofiira, muwauze adokotala momveka bwino dzina la paki ndi masiku amene mudali kumeneko, kuti ayezenso matenda a kaodzera.